Tifunseni: Kukacheza ku Mtsinje ndi Kukaona Mathithi

Mvula ikangokata, makalata ofunsa za maulendo okapitidwa mphepo amachuluka. Mwezi uno tasankhapo asanu ndi imodzi ochokera kwa awerengi a mu Lilongwe muno.

Ndife amayi 18 a bungwe la kutchalitchi. Tikufuna kukakhala tsiku limodzi m'mbali mwa mtsinje, tidye, tiimbe, ndipo amene ali ndi mphamvu akaone mathithi. Tipite kuti kosafuna kugona, nanga mwezi uti?
*Mayi wa ku Area 25*

Mayi, mumzinda muno musayaleko mkeka. Mtsinje wa Lilongwe ukamadutsa pamsika waukulu umakhala utalandira kale zinyalala ndi madzi oipa a m'makwalala ambiri. Lingadzi nayenso ndi chimodzimodzi, ndipo pamene amadutsa m'nkhalango ya Nature Sanctuary muli ng'ona. Kumeneko n'koyenda m'tinjira tololedwa, osati kotsikira kumadzi.

Madzi abwino muwatsate kumene achokera. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, ndipo madzi amene mumatunga pampopi ku Area 25 amachokera komweko kudzera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Loyamba linamangidwa mu 1966. Kuchoka mutauni kukafika kunyumba yofikira alendo m'nkhalango ya Dzalanyama ndi makilomita pafupifupi 60, kudzera msewu wa ku Likuni. Musanyengeke ndi nambalayo. Phula likatha mumalowa msewu wafumbi, ndiye werengerani maola awiri popita, awiri pobwera. Pochita hayala minibasi, muuzeni dalaivala poyera kumene mukupita, muone nokha tayala lapadera kuti lili ndi mpweya, jeke ndi sipanala, ndipo mafuta athire okwanira ulendo wonse asanatuluke mutauni. Mtengo mugwirizane wopita ndi kubwera, theka mupereke pobwerera.

Tikuuzeni zoona: mathithi a kufupi ndi Lilongwe ndi ang'onoang'ono, timitsinje todumpha pamatanthwe n'kupanga maiwe ozizira pansi pa mitengo ya mombo ndi misuku. Nkhalango ya Ntchisi nayo ili ndi tinjira tokafika ku timathithi, mkati mwa mitengo italiitali yosayoyoka masamba. Mathithi akuluakulu ali kutali: Manchewe ku Livingstonia, otalika mamita 125, Williams pamwamba pa phiri la Zomba mumtsinje wa Mulunguzi, ndi a ku Likhubula ku Mulanje. Amenewo ndi ulendo wogonera. Koma pa zimene mwalembazi, mthunzi, madzi oyera ndi kanjira koongola miyendo, Dzalanyama akukwanirani.

Za mwezi, ife timati Meyi mpaka Julayi. Mitsinje imakhala idakali ndi madzi koma yadekha, msewu wauma, nkhalango isanapse. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mathithi amakongola kwambiri, koma walira mvula walira matope: minibasi imatitimira ndipo kamtsinje kamene munaoloka m'mawa kakhoza kukutsekerani njira madzulo. Mu Okutobala madzi amangodontha, kumatentha, ndipo moto wolusa umakhala paliponse. Mukasankha Juni kapena Julayi, aliyense atenge juzi, chifukwa m'mapiri dzuwa likangopendeka kumazizira.

Poyala mikeka, yang'anani m'nthambi za mitengo ya m'mphepete. Pamene pakodwa udzu wouma, timitengo ndi mapepala ndi pamene madzi anafika chaka chatha. Khalani kumtunda kwa chizindikiro chimenecho. Mchenga wa pakati pa mtsinje umakopa chifukwa ndi wosalala, koma ndi njira ya madzi.

Ulendo wapitawu tinaphika mpunga ndi nkhuku usiku, pofika masana mpunga unali utasasa ndipo anthu anayi anatsekula m'mimba. Tinalakwitsa pati? Nanga anthu 20 timawatengera zakudya zochuluka bwanji?
*Msungichuma wa banki m'khonde, Kawale*

Mayi msungichuma, cholakwika chinali nthawi ndi kutentha. Mpunga uli ndi tizilombo timene sitifa pophika. Mukauvundikira wotentha m'poto wamkulu n'kuusiya usiku wonse, pakati pake pamakhala pofunda mpaka m'mawa, tizilomboto timaswana n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale mutenthetsenso. Kenako potoyo anakhala maola ena m'minibasi yotentha. Chakudya chophikaphika chisakhale pofunda kupitirira maola awiri.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, phikani m'mamawa wa tsiku lomwelo, muike m'mafudiwoma chidakali chotentha kwambiri, mudye isanakwane 12 koloko. Yachiwiri, phikani madzulo, muyanike mpunga m'mathireyi kuti uzizire msanga, muike mufiriji, m'mawa mulongedze m'bokosi lozizira. Ayezi wabwino ndi mabotolo a madzi akumwa a malita awiri amene mwaumitsa kwa masiku awiri. Sathira madzi m'zakudya, ndipo akasungunuka mumamwa. Bokosi la malita 40 limafuna mabotolo anayi kapena asanu, likhale pamthunzi, ndipo la zakumwa likhale lina, chifukwa limatsekulidwa kawirikawiri. Nyama yaiwisi yokaotcha ikhale pansi penipeni m'chidebe chotseka, madzi ake asadonthere pa tomato ndi kabichi. Saladi wa mayonezi musiyeni kunyumba.

Anthu 20 atengereni mpunga makilogalamu awiri ndi theka, nkhuku zinayi kapena nyama makilogalamu anayi, buledi zinayi, nthochi 40, ndi mtedza wokazinga kilogalamu imodzi. Mbatata yophika, chinangwa ndi zitumbuwa zimapirira ulendo kuposa mpunga. Thobwa musalitseke zolimba m'chigubu, limafufuma ndi kutentha ndi kugwedezeka kwa galimoto. Madzi akumwa, malita awiri munthu aliyense, atatu kwa amene akukwera phiri, ndiye zigubu zitatu za malita 20, kuphatikiza china cha madzi osamba m'manja ndi sopo. Kusamba m'manja kukhale kothirirana, osati m'beseni limodzi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa mokwanira. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera chotani, awire kaye kwa mphindi imodzi yathunthu kapena muthiremo klorini monga mwa malangizo a pabotolo, n'kudikira mphindi 30.

Mutengenso mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, mu lita imodzi ya madzi abwino sungunulani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere.

Pa zophikira tili ndi mawu amodzi olimba. Musakagule makala m'njira ya ku Dzalanyama. Njinga zimene mudzakumane nazo zitasenza matumba zikuchotsa nkhalango imene mukupita kukaiona, yomwenso imasunga madzi a mzinda wonse. Zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera. Tengani kasilinda ka gasi kapena mabriketi, mbaula ikhale pathanthwe kapena pamchenga kutali ndi udzu, ndipo pochoka muthirepo madzi mpaka phulusa lizizire loti n'kuligwira ndi dzanja.

Ndikufuna kutenga ophunzira 40 a Fomu 2 kukaona mathithi. Akuti ndi makilomita 5 kuchoka pamene basi imaima. Ndikonzekere bwanji?
*Mphunzitsi wa Jogalafe, Chinsapo*

Aphunzitsi, yambani ndi masamu a nthawi. Munthu wamkulu yekha amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola pamalo osalala. Gulu la ana 40 m'kanjira ka m'phiri silipitirira makilomita 3, ndipo pa mamita 300 alionse okwera muwonjezere theka la ola. Makilomita 5 anuwo ndi maola awiri ndi theka mukaphatikiza kupuma, pobwerera chimodzimodzi, chifukwa kutsika pamiyala sikufulumira ndipo ana amakhala atatopa. Kuwonjezera ola limodzi la pamathithi, ndi maola 6. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo m'nkhalango mdima umayamba msanga. Choncho nyamukani pasukulu 6 koloko m'mawa, yambani kuyenda 8:30, ndipo ikani lamulo loti 12:30 ikakwana mukubwerera, kaya mwafika kaya simunafike. Magulu ambiri amene mdima umawagwera kutchire ndi amene anati tangotsala pang'ono.

Pitani nokha sabata imodzi ulendo usanachitike, mukaonane ndi a zankhalango, mukalipire zolowera, mukapeze woperekeza wa komweko. Safunsa anadya phula. Tinjira ta otola nkhuni ndi ootcha makala timaphatikana paliponse ndipo timafanana, netiweki imasowa m'zigwa, mapu a pafoni sangakuthandizeni. Makolo asayine makalata, ndipo pakalatapo alembe ngati mwana ali ndi mphumu, shuga kapena khunyu. Wa mphumu atenge mankhwala ake opopera. Wa khunyu asayandikire madzi popanda wamkulu pambali pake, chifukwa akagwa ngakhale m'madzi ofika m'kakolo amamira.

Akuluakulu mukhale osachepera asanu, aliyense ndi ana ake 8 olembedwa maina papepala. Woperekeza patsogolo, palibe womudutsa. Mphunzitsi wamphamvu kumbuyo, palibe wotsalira kumbuyo kwake. Liwiro ndi la mwana wochedwetsetsa. Werengani ana potsika basi, popuma paliponse, pamathithi, ndi pokwera basi, moitana maina, osati mongoyang'ana mitu.

Kumapazi, nsapato zotseka zokhala ndi mano kunsi, zimene mwana wazivalapo kale, ndi sokosi. Patapata amaduka ndipo amaterera; nsapato zatsopano zimatulutsa matuza pasanathe ola. Mwana akangoti chidendene chikutentha, imani mumate pulasitala tuza lisanatuluke. Avale mathalauza kapena zitenje zofika m'kakolo, chifukwa cha nkhupakupa ndi chitedze. Chitedze chimakhwima nthawi yomweyi ya chisanu, m'mayangoyango a m'mbali mwa mitsinje, makoko ake a ubweya wofiirira. Aonetseni ana chisanawaonetse chokha. Chikamugwira mwana asakande, chifukwa kukanda kumalowetsa ubweyawo m'khungu. Matani selotepi n'kumatula kangapo, kenako mutsuke ndi madzi ndi sopo, asinthe chovalacho.

Njoka zambiri zimathawa phokoso la gulu. Yosathawa ndi mphiri, imene imagona phee m'kanjira pakati pa masamba ouma. Ana asalumphe chipika asanaone kuseri kwake, asapise dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Wina akalumidwa, musateme mphini, musayamwe, musamange lamba kapena mphira. Kumanga kumaoletsa mwendo, makamaka ndi poizoni wa mphiri. Mugonekeni, muvuleni nsapato ndi zibangili chiwalo chisanatupe, mangirirani mwendowo ku ndodo kuti usagwedezeke, mumunyamule pa machira a zitenje ndi mitengo iwiri mpaka pabasi, ulendo wa kuchipatala. Lembani nthawi imene walumidwa. Musataye nthawi kusaka njokayo.

Pooloka mtsinje, madzi othamanga akapitirira m'mabondo a mwana wamfupi pagululo, musaoloke. Sankhani pamene mtsinje watambasuka, osati popapatiza kapena pamwamba pa mathithi. Nsapato zisavulidwe, maso ayang'ane kumene madzi akuchokera, ndodo ikhale mwendo wachitatu, phazi limodzi lisunthe linalo litaponda zolimba. Musamange mwana chingwe m'chiuno, chifukwa akagwa chingwecho chimamukanikizira pansi pa madzi.

M'chikwama cha wamkulu aliyense mukhale bandeji yotamuka, mapulasitala, mankhwala otsukira mabala, Panado, wezulo, tochi ndi machesi.

Anzanga amati dziwe la pansi pa mathithi ndi lokoma kusambamo, ndipo amadumphira kuchokera pamwala. Ine ndimadziwa kusambira, ndinaphunzirira ku Senga Bay. Pali vuto?
*Mnyamata wa ku Biwi*

Achimwene, vuto lilipo, ndipo amene amatsalira m'maiwe amenewa kawirikawiri ndi odziwa kusambira, chifukwa osadziwa salowamo. Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje latenga miyoyo ya achinyamata kangapo konse. Nyanja ndi dziwe la mathithi ndi madzi osiyana.

Pamene madzi akugwera pali thovu loyera. Thovulo ndi madzi osakanikirana ndi mpweya, opepuka, moti sakunyamulani ngati madzi a ku Senga Bay. Mumapalasa koma thupi likutsika. Madzi ogwawo amapita pansi, n'kubwerera pamwamba, n'kuzungulira kulowera kumathithi komweko, ndiye wosambira amakokedwa kubwerera pamene akuthawa mpaka mphamvu zitatha. Ndiponso kwa zaka zambirimbiri madzi amakumba mphanga kunsi kwa thanthwe, ndipo mitengo yokokoloka imakodwa mmenemo. Kuya kwa dziwe kumasintha chaka ndi chaka: pamene anzanu anadumphira bwinobwino chaka chatha, dzinja lapitali likhoza kuti linagubuduzirapo mwala. Kugunda mwala ndi mutu kumathyola khosi.

Kuzizira nakonso n'koopsa. Mwatuluka thukuta m'njira, mukadumphira m'madzi a m'phiri thupi limadzidzimuka, mumakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, ndipo mutu ukakhala pansi pa madzi mumakoka madzi. Patapita mphindi zochepa manja ndi miyendo zimauma. Mukawonjezerapo mowa, mwadziponya nokha.

Ngati a komweko akuuzani kuti pali posambira, sambani kumunsi kwa dziwe kumene madzi adekha, ofika m'chiuno, mulowe pang'onopang'ono, ndipo munthu mmodzi akhale kumtunda ntchito yake kungoyang'ana, foni ili m'thumba. Womira sakuwa ngati mmene anthu amaganizira. Amangoimirira m'madzi, mutu chagada, kukamwa kukumira ndi kuyandama. Mukamuona wotero musamudumphire, adzakukwerani pamutu mumire nonse. Gonani chafufumimba pagombe, mumupatsire mtengo wautali kapena zitenje zolumikiza, kapena mumuponyere chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Akatuluka asakupuma, mugonekeni chagada, mukwezeni chibwano, mumuuzire mpweya kukamwa kasanu, kenako kanikizani pakati pa chifuwa ka 30, mpweya kawiri, mobwereza osalekeza. Musataye nthawi kumufinya m'mimba kuti asanze madzi. Akatsitsimuka apitebe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo amatha kuvuta patapita maola.

Awiri enanso amene amapha pamathithi ndi ndere ndi mvula ya kumtunda. Thanthwe lonyowa la pamwamba pa mathithi lili ndi ndere zoterera ngati therere, ndipo ambiri amagwa akubwerera chambuyo kuti chithunzi chituluke bwino. Jambulani muli pamwala wouma, mamita atatu kuchoka pamphepete. Za mvula, kumbukirani kuti ikhoza kugwa pamwamba pa phiri inu pansi muli padzuwa. Madzi akayamba kuda, kubwera ndi masamba ndi timitengo, kapena mkokomo ukasintha, thawirani kumtunda pompo, katundu musiyeni. Mukaona mphezi werengani: masekondi atatu alionse bingu lisanamveke ndi kilomita imodzi. Likamveka musanafike 30, tulukani m'madzi, chokani pamwamba pa phiri ndi pansi pa mtengo woima wokha.

Mwana wanga wa zaka 9 anasewera m'madzi pamene tinakacheza kudambo lina pa Isitala. Tsopano akukodza magazi kumapeto kwa mkodzo. Agogo ake akuti ndi kukula.
*Bambo wa ku Mchesi*

Bambo, si kukula. Chizindikiro chimenecho kawirikawiri ndi likodzo, ndipo mupite naye kuchipatala sabata ino akamuyeze mkodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi odekha, a bango ndi udzu, m'madambo, m'madamu ndi m'mbali mwa mitsinje yoyenda pang'onopang'ono. Timalowa pakhungu, sipafunika bala kapena kumwa madziwo. M'thupi timakula kwa masabata 6 mpaka 8 kapena kupitirira, n'kuyamba kuikira mazira m'chikhodzodzo, ndipo mazirawo ndi amene amatulutsa magazi. N'chifukwa chake zikuoneka tsopano.

Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye mwana amuyeze pasikelo, musamugawire mapiritsi ongoganizira. Amwe atadya nsima kapena phala, kuti asachite chizungulire ndi mseru. Onse amene analowa m'madzi tsiku lija akayezedwe, ngakhale amene sakuona magazi. Likodzo losachizidwa limathetsa magazi, limaononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo kwa atsikana limafika ku ziwalo zoberekera. Kumwa mankhwalawa tsiku lotsatira ulendo sikuthandiza, chifukwa amapha nyongolotsi zikuluzikulu, osati zongolowa kumene. Agogo muwafotokozere mwaulemu. M'masiku awo anyamata ambiri m'mudzi ankakodza magazi, n'chifukwa chake zinkaoneka ngati msinkhu.

Tamva kuti ku Dzalanyama kuli malo a mizimu. Tingawaone? Pali zoletsedwa?
*Mlongo wanu wa ku Area 36*

Achemwali, mwamva zoona. Kaphirintiwa, kumene mwambo wa Achewa umati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi awo pathanthwe lidakali lofewa, ali m'mapiri omwewa, ndipo kachisi wa mvula wa Makewana ku Msinja ali m'dera lomwelo. Amenewa si malo oyalapo mkeka. Mukafuna kukaona, yambirani kwa amfumu, mupite ndi munthu amene akupatsani, muvale chitenje, mufunse musanajambule. Kankhalango kowirira kotsala kokha pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, mwinanso dambwe; musalowemo kukadzithandiza kapena kukatola nkhuni. Mukapeza amayi akusamba kapena kuchapa padooko, imani patali, muodire.

M'nkhalango ya boma lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo, kuyatsa moto mwachisawawa ndi kusaka nyama popanda chilolezo. Sipika yaikulu isiyeni kunyumba. Phokoso limathamangitsa mbalame za ku Dzalanyama, zimene anthu ena amachoka kutali kudzaziona. Pofuna kudzithandiza, pitani mapazi 70 kuchoka kumadzi, kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, mukwirire. Tengani matumba awiri a zinyalala, lina la mabotolo lina la zotsala, ndipo majumbo, matewera a ana ndi zitsekerero za mabotolo zikwere nanu minibasi kubwerera ku Area 36.